Masika Amene Tinajambula Nyenyezi Zothothoka

Chipewa cha aphunzitsi ndimachikumbukira bwino kuposa nkhope yawo. Chinali chakuda, chofewa, chopindika m'mphepete ngati bowa wokalamba, ndipo chinkanunkha utsi wa nkhuni zaziwisi. Anachilandira kwa wansembe wa ku mishoni. Ankachivula pa zifukwa ziwiri zokha: polowa m'kachisi wa udzu momwe tinkaphunziramo, ndi popereka moni kwa apongozi awo. Chifukwa chachitatu chinapezeka m'masika a chaka china, nkhondo yoyamba ya Azungu isanafike kwathu, pamene chipewacho chinagwira ntchito yotseka diso la kamera. Chaka changa chobadwa sindichidziwa, koma mano anga akutsogolo anali atamera kale kachiwiri, choncho ndiyenera kuti ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi kapena kuyandikira pamenepo.

Kuti nkhaniyi imveke ndiyenera kuyamba ndi bambo anga, ngakhale kuti iwo saonekamo. Anapita ku Halale kukafuna ntchito pamodzi ndi amuna ena a m'midzi ya m'munsi mwa phiri la Dedza. Chaka choyamba anatumiza bulangete lofiira kudzera mwa munthu wina wobwerera. Pambuyo pake kunangoti zii. Madzinja atatu anadutsa. Anzawo anabwera mmodzimmodzi, ndipo aliyense anali ndi mawu akeake: wina anawaona pa famu, wina anamva kuti anapitirira kumwera, wina anangoweramitsa mutu. Amayi ankalima okha munda wa m'mbali mwa phiri, munda wamiyala umene unkafuna mikono ya anthu awiri. Ine ndinkathandiza monga amathandizira mwana, kutanthauza kuti ndinkadya zambiri kuposa zimene ndinkapalira.

Amalume, achimwene awo a amayi, ndiwo anali nkhoswe yathu. Kwa zaka zambiri ndinkawakumbukira ngati munthu wouma mtima. Lero ndikuona kuti ndinawalakwira. Ankaona mlongo wawo akuonda, nkhokwe ikuchepa chaka ndi chaka, denga likudontha. Ndiponso kutsidya kwa dambo kunali bambo wina wofatsa, amene mkazi wake anamwalira, yemwe anali atatumiza kale mawu. Chotsekereza chinali chimodzi: palibe amene akanamasula amayi popanda kunena poyera kuti mwamuna wawo anafa, kufulula mowa, ndi kumeta maliro monga mwa mwambo. Amalume ankangoyembekezera chizindikiro.

Chizindikirocho chinabwera m'mwezi wa Meyi. Chimanga chinali chitauma, ndipo ine ndi amayi tinkadzuka tambala woyamba atangolira kuti tikafike kumunda anyani asanatsike m'phiri. Kunkazizira moti mame a m'njira ankaluma zala za kumapazi. Tsiku lina tili m'njira, nyenyezi inathothoka kum'mawa n'kudutsa pamwamba pathu mwakachetechete. Amayi analavulira pambali, monga ankachitira aliyense, chifukwa kwathu ankati nyenyezi ikathothoka ndiye kuti kutali kwina munthu watsikira kulichete. Tisanayende mapazi makumi awiri inathothoka ina, kenaka inanso. Pofika kumunda amayi anali atasiya kulavula. Malovu anali atawathera.

M'mawa wotsatira zinachuluka. Mudzi wonse unadziwa, ndipo anthu analeka kutuluka kusanache. Zambiri zinkathamangira kumwera, kumene kunalowera amuna a kwathu, ndipo palibe amene anafunikira kumasuliridwa tanthauzo lake. Madzulo amalume anabwera n'kukhala pakhonde pathu. Mawu awo ndikuwakumbukira chifukwa ndinali kuseri kwa chitseko.

"Mlongo wanga, kumwamba kwayankhula. Ife tikanakanabe chiyani? Tikatha kukolola tinyike mawere, timete, mupume."

Ine ndinamva mawu akuti timete, ndipo ndinagwira mutu wanga. Ndinadziwa kuti lumo likadzadutsa pamenepo, bambo anga adzakhala atafa, kaya ali kuti.

Aphunzitsi anamva nkhaniyi kwa ine, pakuti m'mawa mwake ndinalephera kuwerenga ndipo anandifunsa chifukwa. Iwonso anali ndi chawo chowakhudza. Amayi anali m'kalasi la ofuna ubatizo, ndipo lamulo la mpingo silinkalola kuti mkazi akwatiwe ndi wina pamene mwamuna wake mwina ali moyo. Anayenda ulendo wa tsiku lathunthu kupita ku mishoni, n'kubwera mawa lake ndi mawu komanso katundu. Mawu anali akuti wansembe ali ndi buku lonena kuti zimenezi zimachitika chaka chilichonse nyengo ngati yomweyi, chaka china pang'ono, chaka china kwambiri. Kuti zothothokazo si nyenyezi ayi, koma timiyala ndi fumbi zimene zimapsa zikamagwa. Ndipo kuti nyenyezi zenizeni zili m'malo mwake, palibe yasowa. Katundu anali bokosi lathabwa lokhala ndi diso limodzi, miyendo yake itatu, nsalu yakuda, ndi galasi limodzi lotsekeredwa m'kachikwama kathabwa. Wansembeyo ankakonda kujambula ndipo ankafunitsitsa chithunzi cha zimenezi, koma anali chigonere ndi malungo. Anaphunzitsa aphunzitsi athu madzulo amodzi okha n'kuwapatsa bokosilo.

Amalume anamvetsera zonse mwaulemu, kenaka anafunsa funso limene mpaka lero ndimaliona kuti linali lanzeru.

"Aphunzitsi, buku ndi la Mzungu, ndipo ine sindiwerenga. Koma maso ndili nawo. Kodi bokosi lanuli lingandionetse nyenyezi zitakhala phee m'malo mwake?"

"Lingathe," anatero aphunzitsi, mofulumira kuposa mmene anayenera.

"Chabwino. Zikaoneka zitakhala, ine ndikhala chete. Zikaoneka zikugwa, inu mukhale chete."

Umu ndi mmene moyo wa bambo anga unaikidwira pa kagalasi kosaposa chikhatho cha munthu wamkulu. Ndaganizira kambirimbiri za pangano limeneli. Amuna awiri abwino anapangana za tsogolo la mkazi ali pomwepo, ndipo palibe mwa iwo anamufunsa chimene iye ankafuna. Pa nthawiyo sindinaonepo chachilendo.

Tinakwera pathanthwe la pamwamba pa munda wathu pakati pa usiku ndi mbandakucha. Tinali anayi: amayi, amalume, aphunzitsi ndi ine. Mwezi kunalibe. Aphunzitsi analetsa moto, analetsa ngakhale muuni, poti kuwala kulikonse kukanaononga galasi. Tinakwera chopapasa, udzu wonyowa ukutikwapula m'miyendo. Ine ndinafunda bulangete lofiira lija, ndipo linkanunkhabe fodya ngakhale kuti mwini wake sanalifundepo. Pathanthwe panali pozizira ngati mpeni. Aphunzitsi anaimika miyendo itatu ija, anaitsamiritsa ndi miyala, analozetsa diso la bokosi kum'mawa chakumwamba, n'kulivundikira ndi chipewa chawo. Kenaka anasolola kachitseko ka galasi.

Wotchi panalibe, ndipo apa ndi pamene ine ndinalowera m'nkhani. Wansembe anali atanena kuti diso likhale lotsegula kwa nthawi ya mapemphero khumi a pa korona, mikanda yopempherera ija, osapitirira, kenaka litsekedwe. Aphunzitsi anati iwo ayang'anira bokosi kuti mphepo isaligwedeze, amalume sankadziwa mapemphero, ndipo amayi ankawadziwa modumphadumpha. Anaika korona m'dzanja langa.

"Ukafika pa mkanda wachikhumi unene kuti amen mokweza, ine nditseka. Wamva?"

Ndinati ndamva. Anachotsa chipewa pa diso, ndipo ndinayamba.

Ndakhala zaka zambiri ndikuphunzitsa ana, ndawerenga mabuku ofotokoza za thambo, koma sindinapezebe mawu okwanira zimene tinaona. Kumwamba kwa Dedza m'nyengo ya masika kumakhala pafupi. Nyenyezi zinali zothinana ngati maso a nsomba... ayi, fanizo limenelo n'lochepa. Zinali ngati munthu wakhuthula ufa pa nsalu yakuda n'kuupuzira. Pansi pathu midzi yonse inali mdima wokhawokha, popanda ngakhale khala limodzi, moti zinkaoneka ngati thanthwe lathu lachoka pa dziko ndipo likuyandama. Ndili pa mkanda wachitatu, yoyamba inang'amba thambo kuchokera kum'mawa, yaitali, yoyera, n'kusiya kanjira ka utsi wowala kamene kanakhala kanthawi kasanazime. Mawu anandithawa m'kamwa. Nditakumbukira kuti ndili ndi ntchito, sindinadziwenso pamene ndinalekezera.

Tsono ife ana a kalasi tinaphunzitsidwa kuti pemphero loduka pakati silifika. Ndinaganiza kuti ngati silifika kwa Mulungu, silingawerengedwenso ndi bokosi. Ndinabweza zala zanga pa mkanda woyamba n'kuyambiranso.

Ndinafika pa wachisanu. Zinathothoka ziwiri pamodzi, imodzi kumwera, ina molunjika pamwamba pathu, yobiriwira ngati nthenga ya mbalame. Ndinayambiranso. Chimene chinandiopsa kwambiri si kuwala kwake koma kusowa kwa phokoso. Chinthu chachikulu chotero chikamagwa, thupi limayembekezera kugunda, monga mtengo ukagwa kapena mphezi ikang'anima. Izi zinkagwa popanda ngakhale kunong'ona. Ndinkamva mano anga akugundana, ndinkamva mpweya wa amayi, ndinkamva mapesi a chimanga akukhudzana m'munsi mwathu, koma kumwamba kunkayaka chamumtima. Ina inaphulika pakati pa ulendo wake n'kugawika patatu, ndipo kwa kamphindi ndinaona nkhope za onse atatu zitayera mbee, pakamwa pali pululu. Amalume, amene anabwera kudzatsutsa, ndinawamva akunena pansipansi kuti, "Mayo ine, Chauta ndi wamkulu." Aphunzitsi, amene anabwera kudzatiuza kuti ndi fumbi chabe, anali atagwada.

Sindidziwa kuti ndinayambiranso kangati. Mwina kasanu ndi kawiri, mwina kakhumi. Pa mkanda wachisanu ndi chitatu ndinafikapo kamodzi kokha. Palibe anandifunsa. Aphunzitsi anali ataiwala bokosi, ataiwala ine, ataiwala pangano. Chimene chinatidzutsa ndi tambala wa kumudzi, ndipo titatsitsa maso tinaona kuti kum'mawa kwayamba kutuwa. Aphunzitsi analumpha n'kuvundikira diso. Anandiyang'ana, inenso ndinawayang'ana, ndipo anandifunsa monong'ona.

"Wafika pa khumi?"

"Iyayi, aphunzitsi. Ndimaduka."

Anandisisita mutu. Sanauze munthu aliyense, ndipo inenso sindinanene mpaka lero pamene onse atatu anagona kale. Potsika amayi anali patsogolo. Usiku wonsewo sanalavule ngakhale kamodzi.

Galasi linabwerera ku mishoni, ndipo tinadikira masabata atatu kuti wansembe achire n'kulitsuka ndi mankhwala ake. Nyenyezi zothothoka zinachepa pang'onopang'ono mpaka zinaleka. Tinadula chimanga, tinaimika mikukwe, tinatuta. Amalume sanadikire: ananyika mawere, ndipo fungo la chimera linkandipeza paliponse. Ndinkadziwa kuti ndinalakwitsa kanthu, koma sindinkadziwa kukula kwake, ndipo usiku ndinkanena mapemphero khumi athunthu osaduka, poganiza kuti mwina angalitsatire galasi lija n'kulikonza.

Aphunzitsi anabwera ndi chithunzi masana ena, chitakulungidwa m'tsamba la nthochi. Mayendedwe awo okha anandiuza kuti zinthu sizili bwino. Tinakhala pakhonde, ndipo anachitambasula pa mphasa.

Chinali kapepala kakuda. M'munsi munali mzere wa phiri, ndipo pamwamba pake panalibe nyenyezi ngakhale imodzi yokhala ngati nyenyezi. Panali timizere tokhatokha, toyera, tambirimbiri, tina towala, tina tofowoka, tonse topendekeka.

Lero ndikhoza kufotokoza chifukwa chake m'mawu ochepa. Dziko limazungulira, ndipo chifukwa diso linakhala lotsegula nthawi yaitali, nyenyezi iliyonse yokhazikika inakoka mzere pagalasi. Ndikanafika pa khumi ulendo woyamba, timizereto tikanakhala tatifupi moti munthu akanatiyesa timadontho. Zothothoka zija, zimene zinatigwaditsa, zinkathamanga kwambiri moti galasi la masiku amenewo silinazigwire ngakhale imodzi. Motero chithunzi chinaonetsa zosiyana ndi zimene aphunzitsi analonjeza: zimene zinagwa sizinaoneke, ndipo zimene sizinagwe zinaoneka ngati zikugwa. Wansembe anali atawafotokozera zimenezi, ndipo iwo anayesa kubwereza. Atafika ponena kuti phiri la Dedza limazungulira pamodzi ndi ife, amalume anaseka, koma osati mwachipongwe.

"Aphunzitsi, phiri lija ndalipeza pomwepo m'mawa uno. Tinapangana za maso. Onani nokha, zonse zikugwa, palibe yatsala."

Ine ndinamva ngati lumo layamba kale kuzizira pamutu panga.

Pamenepo amayi anatambasula dzanja n'kutenga chithunzicho. Anali asanagwirepo chithunzi chiyambire, ndipo anachinyamula ndi manja awiri ngati mbale yodzaza. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anachitembenuza, anachibwezanso. Anayendetsa chala chawo chong'aluka ndi mapesi pa mzere umodzi, kenaka pa wina.

"Achimwene, munaliko usiku uja," anatero. "Zija zinkagwa zinkamwazika ngati nkhuku zaona kabawi, ina uku, ina uko, ina yaitali, ina yaifupi. Izi taonani. Zonse zalowera kumodzi, ndipo palibe yadutsa inzake. Chinthu chakugwa sichindondozana chonchi. Awa ndi anthu a pa ulendo."

Amalume anatenga chithunzicho. Anali munthu woona, ndipo ichi ndicho ndimawalemekezera. Anayang'ana, anayeza timizere tiwiri ndi kachitsotso, anapeza kuti n'tofanana. Anachibweza pa mphasa.

"Zikuyenda," anavomera.

Ine sindinadikire zambiri. Ndinaimirira kuti ndithamange kukauza anzanga kuti bambo anga ali moyo, kuti mutu wanga sumetedwa. Koma ndisanatsike pakhonde ndinamva amayi akuwonjezera, maso ali pachithunzi pomwepo.

"Zikuyenda, inde. Koma ndafufuza bwino, yobwerera palibe."

Amalume anawayang'ana ndi nkhope imene sindinaionepo pa iwo.

"Mlongo wanga," anatero motsitsa mawu, "mukanangokhala chete poyamba paja."

"Ndikanakhala chete, achimwene. Koma ndaona."

Chimera chija chinaphikidwa thobwa la anthu otithandiza kupanira nkhokwe. Bambo wa kutsidya kwa dambo anakwatira kwina mvula isanagwe. Bambo anga sanabwere, ndipo uthenga wa maliro awo sunabwerenso. Amayi analima munda wamiyala uja okha mpaka pamene msana unawakanika.

Ine tsiku limenelo ndinathamanga mudzi wonse ndikufuula, mapazi akuwawa ndi chisangalalo. Nditabwerera madzulo ndinapeza amalume akadali pakhonde, akusoka mphasa ya amayi imene sinali yong'ambika kwenikweni, ndipo amayi ali kuseri kwa nyumba, atakhala pa mtondo wogona, manja ali pamiyendo. Ndinadabwa kuti bwanji wogonja akuchita chisoni ndi wopambana, ndi kuti bwanji wopambanayo sakudya. Ndinkayesa kuti amayi amenyera bambo anga nkhondo. Sindinkadziwa kuti khomo lotulukira linali litawatsegukira, kuti mawu a amalume anali chifundo, ndipo kuti akanapuma akanangolola kunena chimene maso awo sanaone. Ndinali mwana, ndipo sindikanamvetsa kuti kwa mkazi wosiyidwa, mwamuna wamoyo akhoza kulemera kuposa wakufa.